Njinga ikazima magetsi, yezani kaye musanathamangire batire latsopano

Pa siteji iliyonse ya kabaza kuyambira pa Golomoti, kudzera pa Mua mpaka pa Mtakataka, pali matenda amodzi amene aliyense amawatchula dzina asanamuone n'komwe wodwalayo. Njinga ikangokana kulira, hutala ikayamba kumveka ngati mbuzi ya chimfine, nyali ikamaphethira, chigamulo chimatuluka pompo: "Batire lafa, aise." Mwini wake amakakongola ndalama n'kugula batire latsopano. Njinga imayenda bwinobwino sabata imodzi, mwina awiri. Kenako yazimanso. Apa ndiye pamabwera chigamulo chachiwiri: "Mabatire a masiku ano ndi feki." Likafanso lachitatu, nkhani imasintha. Akuti njingayi yakalamba, kapena pali wina pa siteji amene sakukufunira zabwino.

Ine ndikuti ayi. Nthawi zambiri batire silikhala lolakwa. Limangokhala loyamba kuonetsa kuti penapake pavuta, ngati mwana amene amayamba kulira m'nyumba mukakhala njala. Chizolowezi chathu chogula chipangizo tisanayeze ndicho chikudya ndalama za anyamata a kabaza, ndipo kukada chikuika miyoyo ya anthu pachiswe. Njinga yakale ikazima magetsi imafuna munthu wodekha, wokhala ndi mita yoyezera magetsi kapena kababu kamodzi ndi mawaya awiri.

Nkhaniyi si ya amakaniko okha

Kuno kuchigwa njinga yamoto ndi chilichonse. Ndi basi ya mphunzitsi, ndi lole ya mayi wa geni ya nsomba ndi tomato, ndiponso ndi ambulansi. Mayi woyembekezera matenda akamuyamba pakati pa usiku m'mudzi wa kutali ndi tala, amene amam'fikitsa ku chipatala cha mishoni ya Mua kawirikawiri ndi mnyamata wa kabaza. Tsono taganizani njinga imeneyo itazima nyali pakati pa njira, kapena itakana kulira pakhomo pomwe.

Msewu wa M5 ulibe magetsi a m'mbali. Usiku mumayenda malole, maminibasi, ngolo, ng'ombe, njinga zakapalasa ndi anthu apansi. Tonse taonapo njinga ikuyenda mumdima, wokwera kumbuyo atanyamula foni m'mwamba kuti tochi yake iunikire njira. Timaseka, ena amajambula n'kuponya pa TikTok. Koma dalaivala wa lole amene akubwera kumbuyo saona kanthu, chifukwa nyali yofiira ya kumbuyo nayo ndi yakufa. Pa makona a Khwekhwelere, potsika kuchokera ku Masasa, nyali ikazima kwa masekondi atatu okha ndiye kuti nkhani yatha. Madokotala a mafupa m'zipatala zathu zikuluzikulu akhala akudandaula kwa zaka tsopano za kuchuluka kwa ovulala pa ngozi za kabaza. Ngozi zina ndi za liwiro, zina ndi za mowa, koma zina zimayambira pa kawaya kamodzi kodyeka ndi dzimbiri.

Palinso nkhani ya m'thumba. Batire, rectifier, CDI, koyilo, zonsezi zimachokera kunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya masipeya inakwera ndipo sinabwerere. Mnyamata amene amayendetsa njinga ya abwana, n'kumapereka ndalama yawo madzulo aliwonse, akagula batire losafunika ndiye kuti wagwira ntchito masiku angapo kwaulere.

Mjigo, thanki ndi mapaipi

Magetsi a njinga amaopsa anthu chifukwa saoneka. Koma kayendedwe kake sikasiyana kwenikweni ndi ka madzi. M'mbali mwa injini muli magineto: makoyilo a waya ndi chitsulo cha maginito chozungulira. Ameneyu ndiye mjigo. Injini ikamazungulira, iye amapopa magetsi. Magetsi amenewo amatuluka osakhazikika, a mtundu wa AC, ndipo amakwera injini ikamathamanga. Kenako amadutsa mu rectifier, kabokosi kachitsulo kokhala ndi mizeremizere yozizitsira, kamene kamawasandutsa DC ndi kuwaletsa kupyola muyeso. Akatero amalowa mu batire. Batire ndi thanki basi. Silipanga magetsi, limangosunga. Mawaya ndi mapaipi, fyuzi ndi mlonda wa pageti, ndipo felemu ya njinga, kudzera pa waya wa earth, ndi njira imene magetsi amabwererera.

Tsopano funso ndi ili: thanki ikauma, kodi mumathamangira kukagula thanki ina? Munthu wanzeru amayamba waona ngati mjigo ukupopa, ngati paipi sinatsekeke, ngati palibe pamene pakudontha. Thanki yatsopano yobwera ndi madzi ake idzakutumikirani masiku ochepa, kenako idzaumanso. N'chimodzimodzi batire latsopano pa njinga imene sikutchaja. Sabata imene imayenda bwino ija si umboni woti mwachiza matenda. Mukungomwa madzi amene anabwera ndi thanki.

Anthu a ku Golomoti mfundo imeneyi ali nayo pakhomo. Malo opangira magetsi a dzuwa a JCM, amene anayamba ntchito mu 2022 ndipo amapanga 20 megawatts, ali ndi mabatire akuluakulu. Koma mabatire amenewo pawokha alibe kanthu. Amadikira mapanelo awadyetse. Zimene zimachitika pa munda wa mapanelo uja ndi zomwezo zimachitika pansi pa mpando wa njinga yanu.

Imvani kaye mmene njinga ikudandaulira

Njinga imalankhula, vuto ndi loti sitimvetsera. Mukatembenuza kiyi zonse n'kukhala zii, kagetsi ka neutral kosayaka, hutala yosalira, kawirikawiri ndiye kuti njira yaduka penapake pafupi ndi batire: mitu ya batire, fyuzi, waya wa earth kapena swichi ya kiyi. Mukadina sitata n'kungomva "tha, tha" injini osatembenuka, batire lachepa mphamvu kapena mitu yake ndi yakuda. Batire likamatha masiku atatu alionse, ndiye kuti silikudyetsedwa kapena pali chimene chikuliba usiku. Nyali ikamazima mukagunda bampu kapena mukakhota, pali waya wolendewera kapena wothyokera m'kati mwa chikopa chake, makamaka pakhosi pa njinga pamene mawaya amapindika tsiku lonse. Mababu akamapsa pafupipafupi, magetsi akupyola muyeso. Injini ikamazima ikatentha n'kudzalira ikazizira, kayikirani koyilo.

Madandaulo asanu ndi limodzi, matenda osiyanasiyana. Koma pa siteji onsewa amapatsidwa mankhwala amodzi.

Yambani ndi zaulere

Ndondomeko yabwino imayambira pa zinthu zosafuna ndalama. Zimitsani kiyi, tsegulani pamene pali batire. Musanamasule chilichonse, tulutsani foni mujambule mmene mawaya alili. Foni imene imajambula ma selfie ija pano ndiye igwire ntchito yeniyeni. Pomasula, yambani ndi waya wa negative, ndipo pobwezera mumalizire womwewo. Mukayamba ndi wa positive, sipanala ikangokhudza felemu mumaona moto.

Onani mitu ya batire. Ngati pali ufa woyera kapena wobiriwira, tsukani ndi madzi osakaniza ndi soda wophikira, pukutani, palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mangani zolimba, kenako pakani girisi pang'ono pamwamba. Tsatirani waya wa negative mpaka pamene wamangidwa pa felemu kapena pa injini. Pamenepo ndi pamene dzimbiri limakonda kubisala. Masulani, palani, mangani. Njinga zambiri zimene anthu amati zafa zimadzuka pa sitepe imeneyi, osalipira ngakhale tambala.

Kenako fyuzi. Njinga zing'onozing'ono zambiri zimagwiritsa ntchito ya 10 kapena 15 amps. Ikapsa, ikani ina ya nambala yomweyo. Ikapsanso pompo, musalimbane nayo, ikukuuzani kuti penapake waya wasupuka ndipo wakhudza chitsulo. Pali njira yosavuta yopezera malowo. Lumikizani babu pamalo pa fyuzi, zinthu zonse zili zozimitsa. Babu likawala kwambiri ndiye kuti shoti ilipo. Yambani kugwedeza mawaya ndi kuzula majoini limodzilimodzi. Pamene babu lizime, wakuba muli naye m'manja.

Manambala atatu oti muwasunge mufoni

Zaulere zikalephera, m'pamene mita imalowa. Multimeter wamba, yomwe amagwiritsa ntchito okonza mafoni ndi mawailesi, mtengo wake sufika pa wa batire latsopano. Ikani pa DC, chingwe chofiira pa positive, chakuda pa negative.

Nambala yoyamba ndi ya batire litapuma, injini itazima kwa ola limodzi kapena kuposa. Batire la 12 volts lodzaza bwino limaonetsa pafupifupi 12.6. Likaonetsa 12.0 kapena kutsika apo, lili ndi njala. Koma njala si imfa. Litchajeni kaye.

Nambala yachiwiri ndi ya pamene mukudina sitata. Mphamvu imatsika, ndi mmene ziyenera kukhalira, koma isagwe kupyola cha m'ma 10. Batire lotchajidwa bwino likamagwa mpaka 7 kapena 6 mukangodina, pamenepo ndiye mutha kunena kuti latha ntchito.

Nambala yachitatu ndiyo imaulula zambiri. Lizani injini, kokani moto pang'ono. Mita iyenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikangokhala pa 12 osasuntha, njinga sikutchaja, ndipo batire lililonse limene muikepo lifa. Ikapyola 15, rectifier yasiya kuletsa, ikuphika batire ndi kupsereza mababu. Njinga zakalekale za 6 volts nazo zili ndi manambala ake: pafupifupi 6.3 litapuma, ndi cha m'ma 7 injini ikulira.

Ngati njinga sikutchaja, funso lotsatira n'lakuti wolakwa ndi mjigo kapena kabokosi. Zulani joini ya mawaya otchajira ochokera ku magineto, ikani mita pa AC, lizani injini. Manambala ayenera kukwera mukamakoka moto. Akamakwera, magineto ali bwino, ndiye yang'anani rectifier, earth yake, ndi mawaya a pakati. Akapanda kukwera, vuto lili m'makoyilo. Onaninso joiniyo. Ikakhala yakuda kapena pulasitiki yake itasungunuka, mwina vuto lonse ndi lomwelo.

Ngati njinga ikutchaja bwino koma m'mawa batire limapezeka lopanda kanthu, pali chimene chikudya usiku. Chotsani kiyi, masulani waya wa negative, ikani kababu kakang'ono pakati pa wayayo ndi mutu wa batire. Kakayaka, pali chimene chikukoka magetsi njinga ili chigonere. Kawirikawiri chimakhala chinthu chimene tinaonjezera tokha.

Batire ndi sipaki ndi nkhani ziwiri

Chinthu china chimene chimasokoneza anthu n'chakuti njinga zambiri zakale, ndi zina zatsopano zotengera kapangidwe kakale, sizidalira batire kuti injini ilire. CDI yake imadya kuchokera ku magineto mwachindunji. N'chifukwa chake mumatha kuiliza ndi kiki batire litafa. Pa zambiri mwa njinga zimenezi nyali ya kutsogolo nayonso imadya ku magineto, ndiye imawala mukakoka moto n'kufooka mukaima. Kumeneko si kudwala, inapangidwa choncho. Koma zilipo zina zimene CDI yake imadalira batire, ndipo zimenezo batire likagwa, sipaki nayo imagwa. Dziwani kuti yanu ndi ya mtundu uti musanagule kanthu.

Njinga ikakana kulira ngakhale ndi kiki, masulani pulagi, ibwezereni pa kapu yake, igunditseni pa chitsulo cha injini kutali ndi petulo, pondani kiki. Sipaki yabwino ndi ya buluu, yomveka "tcha". Ikasowa, yesani pulagi ina, onani kapu, onani swichi yozimitsira injini ndi ya kiyi. CDI ibwere kumapeto, chifukwa ndi imene anthu amaisintha kwambiri isanalakwe. Njinga zakale zenizeni, zimene zilibe CDI, zili ndi mapointi ndi condenser. Mapointi amangofuna kupalidwa ndi kusiyidwa mpata wa pakati pa 0.3 ndi 0.4 mm.

Chenjezo limodzi kwa ophunzira pa YouTube: mitundu ya mawaya si yofanana. Pa Honda, ndi pa njinga zambiri za ku China zotengera Honda, waya wobiriwira ndi earth, wofiira ndi wa ku batire, wakuda ndi wa magetsi otuluka pa kiyi. Pa Yamaha wakuda ndiye earth, ndipo otuluka pa kiyi amayenda mu wa bulauni. Mukaonera vidiyo ya Honda n'kukachita pa Yamaha ya amalume, mupsereza zinthu. Sakani pa intaneti chithunzi cha mawaya cha mtundu weniweni wa njinga yanu, musunge mufoni. Safunsa anadya phula.

Tikuzipha tokha

Tinene chilungamo, anzanga. Mavuto ambiri a magetsi timawaitana tokha. Magineto a njinga yaing'ono anapangidwa kuti adyetse nyali, maindiketa, hutala ndi batire, basi. Ife taonjezerapo masipotilaiti awiri, timagetsi tamitundumitundu pansi pa thanki, sipika ya mabesi, ndi potchajira mafoni. Ena achotsa babu la 35 watts n'kuika la galimoto la 55 kapena 60. Babu la 35 watts limakoka pafupifupi 3 amps. Batire la njinga zoterezi limasunga pakati pa 5 ndi 7 amp-hours. Werengani nokha: mukasiya zinthu zokoka mphamvu yotere zili choyaka injini itazima, pakatha maola pafupifupi awiri batire lili gwa. Ndiye pa siteji nyimbo zikulira kuyambira m'mawa, mafoni atatu ali pa tchaji, injini ili chete podikira makasitomala. Madzulo tikudabwa kuti sitata yakana.

Kalumikizidwe kake nako n'komvetsa chisoni. Waya amasupulidwa ndi mano, kupotokola, kukulunga ndi pepala la shuga. Potchajira foni amalumikiza ku batire mwachindunji, popanda fyuzi, osadzera pa kiyi, ndiye kamakhala kakudya usiku wonse. Fyuzi ikapsa, m'malo mwake mumalowa pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya kapena kawaya. Kumeneko n'kuchotsa mlonda pageti chifukwa choti wakuwa kuti kwabwera akuba. Tsiku limene shoti idzabwerenso, chidzapse ndi mawaya onse, ndipo ali pansi pa thanki ya petulo, pakati pa miyendo yanu.

Nyengo ya kuno nayo simasewera. Kutentha kwa October ndi November m'chigwa muno kumaumitsa madzi a m'batire msanga kuposa kumtunda ku Dedza boma. Batire la zitsekero limafuna kuonedwa pafupipafupi ndi kuthiridwa madzi a batire ogula, aja osungunulidwa. Madzi a pamjigo ali ndi mchere umene umapha batire, ndipo asidi sathiranso kachiwiri. Batire lomata satsegula. Dzinja likafika, matope ndi madzi zimalowa m'majoini. Ndiye pali chizolowezi chotsukira njinga mumtsinje, kuikhuthulira ndowa pa swichi ndi pansi pa mpando. Imatuluka ikuwala, inde, koma m'kati dzimbiri layamba ntchito. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

"Njingayi yangokalamba basi"

Mawu amenewa ndimawakana kwambiri. Honda inatulutsa CG125 mu 1975 italingalira za maiko ngati athu, kumene misewu ndi yafumbi, katundu ndi wolemera, ndipo njinga sizipita ku sevisi pafupipafupi. Injini yake inapangidwa kuti ipirire nkhanza. Njinga zambiri za ku China zimene zadzaza m'misewu yathu lero zinatengera kapangidwe ka injini imeneyo. Ma Yamaha DT ndi AG amene alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo ayendera kwa zaka zambiri m'midzi yathu nawo ndi osavuta. Mawaya ake ndi ochepa, mulibe kompyuta, palibe chimene munthu wa mita ndi chithunzi cha mawaya sangachipeze.

Chimene chimakalamba pa njinga yakale ndi chikopa cha mawaya, majoini, ndi malo a earth. Zimenezi ndi zinthu zotchipa kuposa china chilichonse pa njinga. Koma m'makomo ambiri muli njinga zoimikidwa kuseri kwa nkhokwe, nkhuku zikuikira mazira pa mpando, chifukwa eni ake anagula mabatire awiri, CDI ndi koyilo, n'kutopa. Injini ili bwinobwino. Chimene chinasowa ndi munthu woyeza.

A bungwe la Riders for Health, amene njinga zawo zimanyamula magazi ndi zina zokayezetsa kuchokera m'zipatala za kumidzi kuno ku Malawi, maziko a ntchito yawo ndi omwewa: woyendetsa aziyendera njinga yake tsiku lililonse asananyamuke, ndipo sevisi ichitike chinthu chisanaonongeke. Ngati zikutheka pa njinga zimene zimayenda misewu yoipa sabata ndi sabata, zingakanike bwanji pa siteji?

Zimene ena anganene

Wa kabaza anena kuti, "Akulu, inu mukulankhula za mita, ine abwana akudikira ndalama yawo madzulo. Nthawi yoyeza ndiipeza kuti?" Nkhawa imeneyi ndi yoona. Koma kuyeza manambala atatu aja sikutenga mphindi khumi. Kusintha batire, kubwerera patatha sabata, kukankha njinga kuchokera ku Mua mpaka pa Mtakataka dzuwa lili pamutu, n'kumene kumadya tsiku. Ndipo abwana eni njinga, inunso imvani: mukamakana kulipira zoyeza koma n'kumavomera kugula masipeya, ndalama ikutuluka m'thumba mwanu kawiri.

Amakaniko nawo ali ndi mbali yawo, ndipo tisawaweruze msanga. Ambiri anaphunzira ntchito poonera, pansi pa mtengo wa mango, ndipo injini amaidziwa kuposa ena a masatifiketi. Koma kasitomala wa kuno salipira nzeru, amalipira chitsulo chimene wachiona chikulowa. Makaniko akatha theka la ola akusaka, n'kupeza kuti vuto linali earth yadzimbiri, kasitomala amati, "Ndiye mwangopala pokhapo, ndikupatseni chiyani?" Mawa lake makanikoyo aphunzirapo: kuli bwino kugulitsa rectifier. Ndife makasitomala amene taphunzitsa amakaniko kusintha zinthu m'malo mosaka vuto. Munthu amene wakupulumutsirani ndalama ya batire popala waya umodzi ayenera kulipidwa bwino, ndi kuthokozedwa.

Ena anena kuti masipeya achinyengo alipodi. Zoona, alipo, ndipo ndi ambiri. Koma chimenecho ndiye chifukwa china choyezera. Mukaika rectifier yatsopano, yezani pomwepo pa shopu, injini ikulira, wogulitsa akuona. Ikapanda kufika pa 13.5, kapena ikapyola 15, ibwezeni isanaphe batire. Popanda mita mungadziwe bwanji kuti chachinyengo ndi chiti? Mumangotukwana zonse.

Tichite chiyani tsono?

Masiteji ambiri a kabaza ali ndi komiti, tcheyamani ndi kandalama kosonkha. Gulani multimeter imodzi ya siteji, mafyuzi a nambala zoyenera, tepi ndi sandipepa. Anyamata awiri aphunzire kuyeza. Lolemba lililonse m'mawa njinga iliyonse iyezedwe manambala atatu, ionedwe nyali ya kutsogolo, ya kumbuyo ndi ya buleki. Imene ilibe nyali isanyamule munthu kukada. Lamulo limeneli likachokera kwa anzako a pa siteji limagwira ntchito kuposa la apolisi a pa rodibuloko, chifukwa anzako sungawazembe podzera njira ya kumunda.

Achinyamata amene mukusaka chochita, apa pali ntchito. Okonza injini ndi matayala ali paliponse, koma odziwa magetsi a njinga ndi owerengeka. Amene mumakonza kale mafoni kapena kulumikiza masola, theka la nzeru muli nalo kale, ndipo mita muli nayo m'manja. A TEVETA ndi makoleji a ntchito zamanja a m'madera aganizirepo za maphunziro aafupi a magetsi a njinga yamoto, ochitikira pa matauni ang'onoang'ono ngati Golomoti ndi Mtakataka, olandira ngakhale amakaniko amene alibe MSCE. Njinga zachuluka kale, ndipo zikukalamba tsiku ndi tsiku.

Mukaonjezera chinthu pa njinga, chidzere pa kiyi ndipo chikhale ndi fyuzi yakeyake. Mukafuna kuwala kochuluka, sankhani babu losadya kwambiri loyenerana ndi magetsi a njinga yanu, osati la galimoto. Batire la njinga litchajidwe ndi moto wochepa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a nambala ya amp-hours yolembedwa pambali pake. Tchaja ya mabatire a galimoto ikaikidwa pa moto waukulu imaliphika. Ndipo batire likafadi, musalitaye kuseri kwa nyumba kumene ana amasewera. Muli asidi ndi mtovu, zonse ndi poizoni. Kaperekeni kwa ogula mabatire akutha.

Inu okwera, mphamvu muli nayo kuposa mmene mukuganizira. Kukada, musanakwere, nenani mwaulemu: "Achimwene, tayatsani nyali tione. Ya kumbuyo nayo." Ikakhala yakufa, dikirani njinga ina. Anthu khumi akakana pa sabata imodzi, nyali imeneyo ikonzedwa Loweruka lisanafike. Tochi ya foni yanu si nyali ya njinga, ndipo moyo wanu ndi wodula kuposa mphindi zisanu zodikira.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Njinga ikazima, musayambe ndi funso loti "ndigule chiyani?" Yambani ndi loti "magetsi akuthera pati?" Palani mitu ya batire, onani earth, onani fyuzi, yezani manambala atatu. Mukapeza kuti batire lafadi, kaguleni ndi mtima umodzi, podziwa kuti latsopanolo likalowa m'nyumba momwe muli chakudya.